Mutu wa Malemu pa Thupi la Mwamuna Wanga

1

M'nyumba zambiri za kuno ku Chama muli mapewa a mwamuna wanga. Ali pakhoma, m'mafulemu, atavala jekete yakuda ndi tayi yofiira. Mutu wokha ndi umene umakhala wa munthu wina, ndipo munthuyo amakhala woti tinaika kale.

Dzina langa ndi Lena. Kwathu ndi ku Katete, kuno ndinabwera ndi ukwati. Ndili ndi kasitudiyo kuseri kwa msika wa paboma, komwe ndimajambula ana asukulu, akwati ndi ofunsira ntchito. Koma amene amandidyetsa kwenikweni ndi akufa. Anthu a kuchigwa, ku Chikwa, ku Tembwe ndi ku Chifunda, ambiri amapita atasiya chithunzi chimodzi chokha: kamutu kakang'ono ka pa reji, chitupa cha boma chija. Ikafika nthawi yovundukula chiliza, abale amafuna chithunzi chachikulu choti anthu alirire. Kamutu ka pa reji sikaliritsa munthu. Kamangooneka ngati ka wakuba amene akusakidwa ndi apolisi.

Ndiye ndinkachita chonchi. Ndinkaveka Hosea, mwamuna wanga, jekete ija, n'kumukhazika pampando, n'kumujambula. Pa kompyuta ndinkadula mutu wake, n'kuikapo wa malemu. Ndinkakonza kuwala kuti kuchokere mbali imodzi, n'kufananitsa khungu la nkhope ndi la manja. Ntchito yonse imagona pa khosi ndi pa makutu, chifukwa pamenepo ndi pomwe chithunzi cholumikiza chimagwidwira.

Hosea amagula mpunga kuchigwa n'kukagulitsa ku Lundazi. Zaujambulizi ankangondithandiza, uku akudziseka yekha. Ankati, "Ine nafa kambiri kupambana aliyense mu Chama, koma chakudya sinisiya."

Mphunzitsi wina wa kusekondale anandiuzapo kuti ntchito yanga ndi bodza lopaka utoto. Ndinamuyankha kuti bodza ndi limene mwini wake sakulidziwa. Mayi wobweretsa reji amadziwa bwino kuti mwamuna wake sanamangepo tayi chibadwire. Akungofuna kumuona ataoneka bwino kamodzi. Lamulo langa linali limodzi: thupi ndibwereka, zovala ndibwereka, koma nkhope ya munthu sindiikhudza. Chipsera chikhale, diso lamanzere laling'ono likhale. Lamulo limeneli ndinkalinyadira ngati ndine ndekha woyera m'tauni muno.

Pakhoma la nyumba yathu pokha ndi pamene panalibe chopachika. Tinalibe mwana. Mpaka lero mwamuna wanga ndimamuitana kuti a Goma, dzina la mtundu wawo, chifukwa palibe dzina la mwana loti ndimuitanire. Alongo ake anatopa ndi kunong'ona, anayamba kunenera pamaso panga kuti kwawo kuno mitala si tchimo.

2

Chaka chino, anthu atangomaliza kukolola mpunga, kunabwera Purity atabereka mwana wake Bradley.

Purity ndi mkazi wa malemu Adam Ng'uni wa ku Chikwa, mnzake wa Hosea wa paubwana. Adam anaphedwa ndi njovu chaka chatha akulondera mpunga kumunda. Iwonso anakhala m'banja zaka zambiri opanda mwana, moti ine ndi Purity tinadziwana bwino pamizere ya aneneri ndi asing'anga, aliyense atanyamula kabotolo kake. Adam atamwalira ndi pamene zinaoneka kuti anasiya mkazi ali ndi pathupi pongoyamba kumene. Nditamva ndinalira, ndipo sindinganame kuti misozi yonseyo inali yachimwemwe.

"Amulamu, nabwera na nchito," anatero Purity, akumasula reji pa mfundo ya chitenje. "Tivundukula chiliza mwezi wamawa. Nifuna Adam anyamule mwana wake. Anapita asanamuone."

Ndinayang'ana kamutu kaja. Adam sankakonda kujambulitsa, ndipo foni yake inaphwanyikira limodzi ndi mwini wake. Pa reji anali wamanyazi monga mwa masiku onse, nkhope yowonda, maso akuluakulu ofatsa.

"Zimenezo zitheka," ndinatero. "Koma nanga chakuvuta n'chiyani?"

Anakhala pabenchi, n'kutembenuzira mwana kutsogolo.

"A Donald akamba maningi, akamba zambiri," anatero.

Donald ndi mkulu wake wa Adam. Ankauza anthu kuti n'zodabwitsa kuti zaka zonsezo kunali zii, koma munthu atangoikidwa, mimba ndi iyi. Kuno sikuli ngati kwathu ku Katete, kumene mwana ndi wa kuchikazi. Kuno akalowola, mwana ndi wa kuchimuna, munda ndi nyumba zomwe. Chiliza chikavundukulidwa, banja linali loti likhale pansi. Akanena kuti Bradley si wa a Ng'uni, Purity anali woti anyamule mwana wake, asiye munda wa mpunga, aone kolowera.

"Chithunzi si umboni, Purity. Aliyense adziwa kuti ndalumikiza."

"Nidziwa, amulamu. Koma anthu akaona na maso, mtima umafewa."

Ndinamumvera chisoni. Ndinamuuza kuti adikire, ndikaitane thupi.

3

Hosea ndinamupeza kumene amasungira matumba a mpunga, akusoka thumba long'ambika. Nditamufotokozera, anasiya kusoka.

"Adam yayi," anatero. "Wina aliyense, koma Adam yayi."

"A Goma, mwasenza mitu ya anthu osawadziwa n'komwe. Wa mnzanu ndi umene ukulemereni?"

"Funa wina, Lena. Amuna ni ambiri pamsika."

Ndinayesa kuti ndi chisoni cha maliro. Ndinamukumbutsa kuti Adam anali ngati mbale wake, ndipo kuti mkazi wamasiye wayenda ulendo wonse wa fumbi ndi mwana kumsana. Ndinalankhula mpaka anasamba m'manja, n'kunditsatira ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Lero ndikaganiza kuti ndine ndinamukoka, ndimangopukusa mutu.

Mu situdiyo anapatsana moni wamwambo, wina akuyang'ana pansi, wina akuyang'ana kukhomo. Hosea anavala jekete, ndinamumanga tayi, n'kukhala pampando. Purity anamuikira mwana pamiyendo n'kubwerera msanga kubenchi.

Poyamba anamugwira ngati thumba la mazira. Kenaka Bradley anagwira tayi ija n'kuiika m'kamwa, akumuyang'ana m'maso. Hosea anaseka. Sikunali kuseka kwake kwa pamsika kuja. Nkhope yake yonse inamasuka mwa njira imene ine, mkazi wake, ndinali ndisanaionepo. Ndinajambula pomwepo, osamuuza ndi mawu amodzi omwe.

"Basi, zatheka," ndinatero.

"Tenganso china," anatero Hosea. "Mwina sichinaoneke bwino."

"Mutu wanu uchoka, a Goma. Chofunika ndi manja."

"Tenga chabe china."

Ndinajambula china. Purity ndiye anachita kubwera kudzamulanda mwanayo, ndipo Hosea anatsala atatambasula manja, tayi itanyowa ndi malovu.

4

Tsiku lotsatira magetsi anabwera dzuwa litapendeka. Ndinayatsa kompyuta, n'kukulitsa chithunzi kuti ndiyambe kudula.

Mutu wa Hosea ndaudula kambiri, moti dzanja langa limadziwa njira lokha. Ndimayamba pakolala, n'kukwera m'khosi, n'kufika pa khutu lamanja. Khutu limenelo limandivutitsa nthawi zonse, chifukwa ndi lopindika pamwamba ngati tsamba lofota, ndipo m'mphepete mwake muli kamphako kakang'ono. Ndikafika pamenepo ndimapuma kaye, n'kukulitsa kwambiri.

Nditakulitsa, pagalasi panadzaza makutu awiri. Mutu wa mwana unali utatsamira pachibwano cha Hosea, ndipo khutu lake laling'ono linali pansi pa lalikulu. Linali lopindika pamwamba. M'mphepete mwake munali kamphako.

Ndinachepetsa chithunzi, n'kuchikulitsanso. Ndinayang'ana chipumi, ndinayang'ana mmene tsitsi linayambira, ndinayang'ana chibwano. Kenaka ndinatenga reji ya Adam n'kuiyandikiza pagalasi. Ntchito yanga ndi kuona zimene zikugwirizana ndi zimene sizikugwirizana, ndipo tsiku limenelo ndinalakalaka ndikanakhala wogulitsa tomato.

Ndinamuimbira foni Hosea kuti abwere. Atalowa ndinatseka chitseko, n'kumulozera pagalasi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anakhala pa mpando wa akufa uja.

"Si mmene uganizira, Lena," anatero.

"Sindikuganiza kanthu. Ndikuona."

"Adam ndiye ananipempha. Anabwera yekha, anagwada. Anati anthu amuseka, anati dzina lake lizafa. Anati nikapita ku Chikwa kukagula mpunga, iye azapita kukagona kumunda. Palibe chikondi pamenepa. Purity naye anali kulira."

Kwathu munthu wotumidwa ntchito imeneyi timamutcha fisi. Ndinkaimva kwa akuluakulu ngati nkhani ya makedzana, osadziwa kuti fisiyo ndimamuchapira malaya.

"Adam anali ndi chifukwa chake," ndinatero. "Nanga inu munavomereranji?"

Anapukuta kumaso ndi chikhatho. Akanati anamvera mnzake chisoni, mwina ndikanamukhululukira tsiku lomwelo.

"Ninafuna kudziwa, Lena," anatero motsitsa mawu. "Kuti pa ise awiri, ine na iwe, vuto lili kwa ndani."

Sindinakuwe ndipo sindinamuponyere kanthu. Ndinangomva kutopa kochokera m'mafupa, kutopa kwa mizere yonse ija, mizu yowawa yonse ija, kusala kudya konse kuja. Iye anali atapeza yankho lake kalekale, n'kumangondiyang'ana ndikupita kwa aneneri.

5

Ndinayesa kuti zoipa zathera pomwepo, koma anali asanamalize.

"Ninalonjeza Adam kuti sinizakamba, ndipo sinizakamba," anatero. "Mwana ni wa Adam. Koma a Donald akamukana, nikuuziratu, mwana uja sangagone panja ine nilipo. Nizamutenga, na amake omwe."

"Mudzawaika kuti?"

"Nyumba ni yaikulu, Lena."

Anatero ngati akunena za matumba a mpunga. Ndinamuyang'ana m'maso n'kuona kuti mbali ina ya mtima wake inkapemphera kuti Donald apambane. Anali atamunyamula mwanayo kamodzi kokha, ndipo manja ake anali asanaiwale.

Atatuluka ndinakhala ndekha ndi chithunzi chija. M'maganizo ndinaona alongo ake akululutira pakhomo panga. Ndinaona Purity akuitanidwa kuti amake Bradley pabwalo limene ndinasesa zaka zonsezi, ine ndikutumidwa kukatunga madzi osambitsira mwana. Kubwerera ku Katete ndikanabwerera ndi chiyani? Ndi kamera? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kuulula kwa anthu kukanangothandiza Donald, ndipo Donald akapambana, woluza ndinali ine.

Choncho panatsala njira imodzi yokha yosungira nyumba yanga: banja la a Ng'uni limulandire Bradley ndi manja awiri, popanda wokayika ndi mmodzi yemwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapachika kapepala pakhomo kuti situdiyo yatsekedwa, n'kukhala pa kompyuta masiku angapo. Sindinagwirepo ntchito mosamala chotero chiyambire.

Purity atabwera kudzatenga, ndinamuonetsa chithunzi chili kale mu fulemu. Anachiyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kugwira pakamwa.

"Amulamu," anatero.

"Usandiitanenso choncho," ndinatero. "Tenga, uzipita."

Anafunsa funso limodzi lokha asanatuluke. Funsolo ndi yankho langa ndikuuzani tikabwerako ku Chikwa.

6

Tinapita pa lole ya mpunga, Hosea ali kutsogolo ndi woyendetsa, ine kumbuyo ndi amayi a kwaya. Tinafika titayera ndi fumbi ngati taviikidwa mu ufa.

Kumanda abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa pachiliza, anthu anaimba. Titabwerera kumudzi, tinakhala pansi pa mtengo wa masawu pabwalo la amayi ake a Adam, a Nyakumwenda. Iwo ndi mayi wamfupi, wosakonda kulankhula, wa manja olimba ndi ntchito ya m'matope. Donald anakhala pampando wa kutsogolo, atapinda mwendo, akudikira nthawi yake.

Purity anagwada pamaso pa apongozi akewo n'kuvundukula chitenje chimene anakulungira fulemu lija.

Anthu anasuzumira. Kenaka azakhali ena anakuwa.

"Mayo ine! Onani khutu! Onani khutu la mwana na la atate ake!"

Amayi anadzuka kudzaunjikana. Wina anatenga Bradley n'kumuimika pafupi ndi fulemu. Analoza chipumi, analoza chibwano, analoza khutu lopindika lija, la pachithunzi ndi la mwana wamoyo. Kulira kumene kunali kutatha kumanda kunayambiranso.

"Adam mwini wake! Wabweranso!"

Donald anachita kukankha anthu kuti aone. Anayang'anitsitsa atakwinya nkhope.

"Adam anali na khutu lotere?" anafunsa.

"Iwe unali kumuyang'ana m'makutu mng'ono wako?" anamubweza azakhali aja. "Ise tinamusambika ali khanda. Anabadwa nalo!"

Ena anavomereza kuti inde, akulikumbukira bwino khutu limenelo. Munthu wina mpaka anati ankamuseka nalo kusukulu. Donald anabwerera pampando wake, mwendo osaupindanso.

A Nyakumwenda okha ndi amene sanalire. Anaika fulemu pamiyendo, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anadzutsa mutu, n'kundifunafuna pakati pa anthu mpaka maso awo anandipeza. Sanandimwetulire.

"Mwana ni wa pano," anatero. "Munda ni wake. Nkhani yatha."

Nthungululu zinamveka. Nditacheuka kumene kunakhala amuna, malo a Hosea anali opanda munthu. Ndinamuona kuseri kwa lole, atagwira tayala ndi manja onse awiri.

7

Tsopano ndinene chimene ndinachita.

Khutu la Hosea sindinalidule. Ndinachotsa la Adam, n'kusiya la mwamuna wanga pamutu wa malemu, n'kulisakaniza bwinobwino ndi khungu mpaka msoko unasowa. Ndikanalekera pomwepo, koma khutu lokha linkaoneka lachilendo pa nkhope yowonda ija. Ndiye ndinakulitsa chipumi pang'ono. Chipumi chitakula, chibwano chinayamba kutsutsa, ndiye ndinabwerekanso cha Hosea. Ndinatsitsa poyambira tsitsi, ndinafutukula mphuno. Chilichonse chinali pang'ono chabe, choti munthu sangaloze kuti apa. Ndipo ndinene zoona, ndili mkati mogwira ndinkamva kukoma. Ndinkadziuza kuti ku Lusaka komwe kulibe angachite chotere.

Funso la Purity tsiku lija linali lakuti, "Nanga reji?"

Ndinamuyankha kuti, "Yatha."

Ndinali nditaiponya mu mbaula ya mayi wokazinga zitumbuwa kuseri kwa situdiyo, kuti Donald asadzapeze choyerekezera. Pa kompyuta ndinafufutanso zonse: kamutu ka pa reji kamene ndinakopera, ndi zithunzi zenizeni za Hosea ndi mwana. Panatsala cholumikiza chokha.

Titabwerako ku Chikwa, Hosea anandipempha chinthu chimodzi.

"Nipatseko chija cheni cheni. Nizachisunga mu foni chabe, palibe azachiona."

"Kulibe, a Goma. Ndinafufuta."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chimanga. Sanakalipe. Kuyambira tsiku limenelo jekete saivalanso, ndipo ku Chikwa amatuma anzake kukagula mpunga. Amabwera kunyumba nthawi yake, amadya, amathokoza, amagona atayang'ana kukhoma. Alongo ake akayamba za mitala amangodzuka n'kutuluka.

Nyumba ndinaisunga. Ndinadziuza kuti aliyense wapeza chake: mwana wapeza dzina, Purity wapeza munda, ine ndatsala mkazi mmodzi. Ndinayesa kuti amene wataya kanthu ndi Hosea yekha, ndipo ameneyo sindinamumvere chisoni kwambiri.

8

Mwezi watha, kutentha kutayamba, ndinaona munthu ataima pakhomo la situdiyo, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anali a Nyakumwenda, atakulunga fulemu lija m'chitenje. Anali atabwera okha.

Ndinawapatsa mpando ndi madzi. Anamwa pang'onopang'ono, kenaka anayamba kulankhula Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chisenga.

"Nchito yanu ni yabwino, mama," anatero. "Anthu akali kuikamba."

"Zikomo, amama."

"Koma Adam ninabala ndine. Khutu ili si lake. Mphuno iyi si yake."

Ndinafuna kuyankha, koma anakweza dzanja.

"Sinabwere kudzakangana. Mwini khutu nimudziwa. Adam anadwala matsagwidi ali mnyamata, anatupa koipa, ndipo ninadziwa kuti kubala kuzavuta. Ndine ninamuuza kuti apite kwa mnzake. Inu munavutika, nidziwa. Pepani."

"Munkadziwa?" ndinafunsa. "Nanga a Donald?"

"Donald ni pakamwa chabe. Munda uja ninalima ndine iye asanamere mano. Mwana ninamulandira akali m'mimba. Ninali kuyembekeza tsiku la chiliza kuti nikambe pamaso pa onse. Zinthu izi munthu sakamba na mpongozi wake, n'chifukwa Purity anali na mantha."

Ndiye kuti chithunzi chikanakhalapo kapena ayi, mawu awo akanakhala omwewo.

Anavundukula fulemu n'kuliika patebulo.

"Ichi chikhale cha mdzukulu wanga, akule nacho. Manje nipangireni changa. Chopanda jekete, chopanda tayi. Adam chabe, monga alili pa reji. Purity akuti reji inatsala kuno." Anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje. "Masiku ano nikatseka maso, niona uyu wa pakhoma. Wanga wayamba kunithawa."

Bodza linali pafupi. Ndikanatha kunena kuti makina awonongeka, abwerenso mvula ikatha. Koma ndinali nditatopa.

"Reji kulibe, amama. Ndinaiotcha. Pa kompyuta ndinafufutanso. Ndinkaopa."

Sanafunse kuti ndinkaopa chiyani. Anangoyang'ana chithunzi. Panja wina ankaitanira malonda a nsomba zouma. Kenaka anaika chikhatho chimodzi pa chipumi cha pachithunzi, china pa mphuno ndi pakamwa, n'kutsekanso khutu ndi chala chachikulu. Pakati pa manja awo panatsala kampata kakang'ono.

"Maso munawagwira?"

"Ayi. Maso sindinawakhudze."

Anawerama mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kugunda galasi. Mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Ni uyu," anatero. "Nidulireni apa."

Ndinadula pa kompyuta kamzere ka maso okha, kuyambira pansi pa nsidze kufika pamwamba pa mphuno, n'kukasindikiza. Kanatuluka kotalika ngati chala. Anakapinda m'kansalu, n'kukamanga pa mfundo ya chitenje.

9

Abale anga owerenga, masiku ano aliyense ali ndi foni yotha kuchita zimene ine ndinaphunzira movutikira. Mwana wa sukulu akhoza kukuikani pafupi ndi munthu amene simunakumanepo naye, kapena kukuchotsani pa ukwati wanu womwe. Sindikuuzani kuti kulumikiza zithunzi ndi tchimo. Ndaona amayi amasiye akugona tulo chifukwa cha ntchito ya manja anga, ndipo ndikugwirabe ntchitoyo, poti ndiyo ndimadziwa.

Koma musanafufute kanthu, dzifunseni kuti n'ka yani. Ine ndinawerengera onse amoyo amene akanandilanda nyumba, n'kuiwala kuti nkhope ya wakufa nayo ili ndi mwini wake. Ena akuti mwina m'mafayilo a boma ku Lusaka muli kope la kamutu kaja. Mwina mulidi. Koma kuti ndikafunse ndiyenera kunena chifukwa, ndipo chifukwacho chikamveka, Bradley akhala mwana wa yani? Ndayesapo kubweza chipumi ndi chibwano mmene ndikukumbukirira. Nthawi iliyonse pamatuluka mlendo.

Mukandifunsa ngati ndingachitenso, sindikudziwa. Mantha otaya banja amachititsa khungu, ndipo amene simunaitanidwepo chumba pabwalo panu pomwe musafulumire kundiweruza. Koma musandikhululukirenso msanga.

Tsiku lija ndinawaperekeza a Nyakumwenda kukakwera lole. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo zikanandipepukira. Atakhala pamwamba pa matumba, dzanja lili pa mfundo ya chitenje, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Yewo, mama, poti maso munawasiya."

Ndinaotcha nkhope ya mwana wawo, iwo n'kundithokoza chifukwa cha kachidutswa kamene kanapulumuka. Kuthokoza kumeneko ndi kumene ndikulephera kukutula.